Penti ya Alamu

Anafika kutada. Tauni yachilendo, nyumba ya alendo ya geti la malata. Matayala anaponda mabuleki, koma ngolo kumbuyo inakankhabe galimoto ngati ikufuna kulowa yokha. Anazimitsa galimoto, namenya chiwongolero. Osati ndi mantha ayi. Ndi ukali.

Dzina loti Matayala anamupatsa ndi madalaivala anzake. Zaka khumi ndi ziwiri ali pachiwongolero, osagundapo ngakhale nkhuku. Koma tsiku limenelo, pamtsetse, ngolo yodzaza magalasi a mazenera inamukankha mpaka m'mphepete mwa ngalande. Pampando wa pambali panali alamu ake, akulu awo a amuna ake, eni ngoloyo. Njira yonse nyimbo yawo inali imodzi. Ngolo ilibe vuto. Aikonza okha sabata yatha, penti yofiira katatu konse. Vuto ndi phazi la munthu wamkazi. Ndipo anagamula kuti mawa makiyi awapatse, iye abwerere pa basi, ntchito yonyamula katundu wa banja ithere pomwepo.

"Kuphika mumatha, mlamu," anatero potsika. "Izi tisiyireni."

Analowa kukafunsa madzi osamba.

Matayala anatsonya. Anatulutsa tochi, jeke ndi sipanala. Mabuleki a ngoloyo anali a magetsi: ukaponda m'galimoto, moto umayenda m'waya kukadzutsa maginito m'matayala a kumbuyo. Kabokosi kowonjezera mphamvu anali atakapotoza kale mpaka kumapeto. Osathandiza. Ndiye kuti motowo ukutayika penapake.

Mayi mwini nyumbayo anatuluka kudzaona mlendo wogona pansi pa ngolo. Matayala anawapempha akhale pachiwongolero, aziponda akamva kuitana. Mayiwo anaseka, nati amuna awo anamwalira osawalola kukhudza ngakhale hutala. Anakwera msangamsanga.

Matayala anakweza tayala la ngolo ndi jeke, nalizunguza. "Pondani, amayi!" Tayala linaima mwaulesi, ngati munthu womuchonderera. Maginito ankalira chapansipansi.

Anazula pulagi. Yoyera, yopanda dzimbiri. Anatsegula tayala. Mabuleki osaperepeseka, osadetsedwa ndi girizi. Anatseka. Udzudzu unali utamupeza, fumbi lili m'tsitsi. M'chipinda chapafupi alamu ankaimba mluzu, madzi akukhavuka.

Anayamba kulondola mawaya ndi chala, mmodzimmodzi. Wabuluu ali bwino. Woyera, wobwezera moto kuchitsulo cha ngolo, anakathera pa bauti. Bautiyo yothina bwinobwino. Yonyezimira. Yofiira.

Anaimasula. Pansi pa waya panali penti yokhuthala ngati chikopa. Ndiye kuti alamu anachotsa wayayo, napaka katatu kuja, nkumubwezera pamwamba pa penti. Chitsulo osachikhudza nkomwe. Moto ukanabwerera pati?

Anabwereka mpeni wa kukhitchini. Anapala mwaukali mpaka chitsulo chinawala. Anamanga. Anazunguza tayala, naitana. Mayi aja anaponda.

Gwa! Tayala linaima ngati laombedwa mbama.

Anabwereza katatu, kuti mtima ukhale pansi. Kenako anapita kukagogoda. Alamu anatuluka thaulo lili m'khosi. Anawaonetsa bauti, zipalo za penti pansi, tayala. Iwo anawerama nthawi yaitali. Podzuka, anafunsa kuti ndani wamuuza kukanda ngolo yawo. Anati penti imateteza dzimbiri, aliyense amadziwa zimenezo.

Matayala anapukuta mpeni pa thalauza lake.

"Kupenta mumatha, alamu. Izi tisiyireni."

Mayi mwini nyumba analiza hutala mwangozi, kapena mwadala.

M'mamawa Matayala anatuluka makiyi ali m'manja. Alamu anali atafika kale. Anaima pafupi ndi chitseko cha dalaivala, akuyang'ana pokandika paja. Matayala anangodikira. Alamu anatsokomola, nazungulira, nakhala pambali. Za basi sanazitchulenso.

Pageti Matayala anaponda kamodzi kuyesa. Ngolo inamvera. Magalasi sanalire. Kutsogolo kunali mtsetse wina, wautali kuposa wadzulo.