Magulu Atatu a Aphunzitsi a Kettie

"Tinatumiza ana kusukulu, osati kuganyu," anatero a Alufeo, wapampando wa komiti ya makolo, akugogoda tebulo.

Kettie, mphunzitsi watsopano wa Sitandade 5 pasukulu ina ya ku Bembeke, anali ataimirira kutsogolo kwa komitiyo. Mlandu wake unali woti Lachitatu anatulutsa ana m'kalasi kukayeza mizere ya kachewere m'munda wa sukulu ndi chingwe. Komiti inkafuna kuti amulande kalasiyo.

A hedi, a Dennis, anayesa kumuteteza ndi mawu aataliatali a kukoleji, onse othera ndi "izimu". A Alufeo anawadula.

"Maizimu anuwo tamva. Ayankhule okha eni ake, m'Chichewa."

Kettie anatola choko n'kupita pabolodi.

"Bambo, anthu ophunzira za maganizo a munthu, zimene amati saikoloje, sagwirizana. Ali m'magulu ngati mipingo. Mayina awo a Chichewa sindinawapeze m'buku, ndiye ndinawapatsa ndekha. Oyamba ndi a mphotho ndi chilango. Amati mwana akachita bwino muyamikeni, akalakwa mudzudzuleni, azolowera ngati ng'ombe ya pangolo."

"Amenewo ndiye anthu," anatero a Alufeo.

"Achiwiri ndi a nkhokwe. Amati yambani mwadziwa mmene mutu umalandirira ndi kusunga zinthu. Mukathiramo chimanga chosauma, chiola. Achitatu ndi omanga okha. Amati nzeru sathira ngati madzi mumtsuko, mwana amazimanga yekha pa zimene akudziwa kale."

"Nanga inu mumapemphera mpingo uti?" anafunsa mayi Elena, mlembi wa komiti.

"Konse ndimalowako, mayi. Masamu ochulukitsa amafuna kubwereza, pamenepo ndimatsata oyambawo. Koma mita ndi sentimita mwana sazimva atakhala pansi." Anatembenuka mwaulemu. "Bambo Alufeo, kutalikirana kwa mapando a kachewere anakuphunzitsani ndani?"

"Palibe. Chaka china ndinabzala mothinana, ndinakolola timbatata ngati mazira a nkhunda. Sindinabwerezenso."

Mayi Elena anaika cholembera pansi.

"Ndiye ndinu mkulu wa mpingo wachitatuwo, a tcheya, kungoti simunabatizidwe."

Anthu anaseka, koma a Alufeo ayi. Anayang'ana mayina atatu aja pabolodi nthawi yaitali, milomo ikugwedera powerenga.

"Zaka zonsezi a hedi mukutiopseza ndi Chingerezi, chonsecho nkhani yake ndi yomweyi?"

"Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," anayankha a Dennis, akudzikanda m'mutu.

A Alufeo anavala chipewa chawo n'kuimirira.

"Kalasi musawalande. Lembani zimenezo, mayi. Koma aphunzitsi, Lachitatu likudzali mubwere nawo anawo kudimba kwanga. Mizere ya pasukulu pano ndi yokhota, ana aphunzira zabodza."