Nyumba Yaudzu ya a Sakiusa

Antchito ake anali kuyala njanji za kamera pabwalo la mudzi wa Naroko pamene Ilaitia adaona msuweni wake Litiana akutuluka m'nyumba yaudzu ija atakupatira mtolo wa mikeka.

"Choka panjira, bwana wa mafilimu," adatero Litiana. "Kapena nanenso ukufuna unditenthe kuti chithunzi chikome?"

"Iwe sungayake. Ndiwe nkhuni yaiwisi, ungangotitsamwitsa ndi utsi."

"Waiwisi ndi amene imvi zamera asanaphunzire kuswa kokonati."

Amene anali pafupi adaseka, pakuti asuweni akakumana ndi momwemo. Ilaitia adasekanso, koma maso ake adatsalira pa mtolo uja. Pakati pa mikeka panali kusuzumira neti ya udzudzu, pilo wophwa pakati, ndi magalasi owerengera omangidwa ndi ulusi.

"Izi n'za yani?"

"Za bambo. Umayesa amagona mumtengo ngati mileme?"

"Koma malume ali ndi nyumba yanjerwa imene Peniasi anawamangira ndi malipiro a usilikali."

"Mchimwene anamanga, inde. Amasungiramo makasu ndi mizu ya kava. Munthuyo amagona muno. Lero lomwe wadzuka muno."

Ilaitia anali wokonza mafilimu wodziwika ku Suva, likulu la dziko lino, ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo chimene chidamutchukitsa n'chakuti sankalola chabodza kuima patsogolo pa kamera yake. Filimu yake yoyamba adaijambula yonse m'basi ya ku Lautoka, ndi anthu apaulendo enieni pamodzi ndi nkhuku zawo. Ina adaijambula pakati pa odula nzimbe, yopanda mawu ngakhale amodzi, kungomveka zikwanje ndi kupuma kwa anthu otopa. Ena adaitama, ena adagona nayo m'holo, koma dzina lake lidakula. Tsopano adabwera kwawo kwa malemu amayi ake kudzajambula nkhani ya munthu wotentha nyumba ya makolo ake asanasamuke, ndipo anali atalengeza kale kuti filimu yotsatira idzajambulidwanso ku Naroko komweko.

Anzake a ntchito adamulangiza kuti amange kanyumba kongoyerekeza. Iye adakana. Adati udzu watsopano umayaka moyera ngati pepala, pamene denga lakale lokhuta mwaye limayaka ndi moto wolemera, wofiira. Choncho tsiku limene adafika, atapereka mizu ya kava monga mwa mwambo, akuluakulu onse atazungulira mbale yaikulu ya chakumwa chopangidwa ndi mizuyo, iye adaomba m'manja nati, "Malume, ndikupempha nyumba yakale ija." A Sakiusa adayang'ana m'mbalemo kwa kanthawi. Kenaka adaomba m'manja nawonso, nati, "Ndi yako."

Mwana wa mlongo, amene kwathu kuno timamutcha vasu, sakanizidwa kanthu kwawo kwa amayi ake. Akapempha nkhumba, nkhumba imamangidwa. Ilaitia adali kuchidziwa chimenechi monga adziwira dzina lake, koma zaka za m'tauni zidamuchititsa kuchiona ngati ulemu wapakamwa chabe.

"Bwanji sanandiuze?" adafunsa tsopano, mawu atatsika.

Litiana adatsitsa mtolo uja pa udzu. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Akanakuuza bwanji? Akanabwera mzungu ndi thumba la ndalama, bambo akanamuseka, n'kumupatsa tiyi wa masamba a mandimu, n'kumuperekeza. Koma iwe unabwera ndi magazi a mlongo wawo, pamaso pa mudzi wonse. Funso limakhala ndi mayankho awiri. Pempho la vasu lili ndi yankho limodzi."

"Ndimayesa ndi bwinja."

"Unalowamo?"

Ilaitia adali atalowamo kangapo, koma nthawi zonse adali kuyang'ana kumwamba, kuyesa m'mene kuwala kumagwera pa mitanda.

"Mizati imeneyo anakaidula okha kumapiri chaka chimene anakwatira amayi," Litiana adapitiriza. "Tonse tinabadwira muno. Amayi anatsirizikira pangodya iyo. Namondwe atasasula malata a mudzi wonse, anthu anathawira muno. Koma usanditchule, iwe. Akamva kuti ndakuuza, andithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'tchalitchi."

A Sakiusa anali pansi pa mtengo wa mango, akusema mpini wa chikwanje. Ilaitia adafika chowerama, nakhala pansi chapatali pang'ono.

"Wabwera mwini mudzi," adatero mkuluyo osadzutsa mutu. "Lero ukufuna chiyani? Mtengo uno? Dikira ndidzuke kaye."

"Malume, ndasintha maganizo. Nyumba ija sindikuifunanso."

Mpeni udaima. "Yaipa pati?"

"Sinaipe. Kungoti tikhoza kumanga ina yoyerekeza kuseri kwa sukulu."

"Yoyerekeza? Iwe si uja tinakumva pawailesi ukunena kuti sujambula zabodza? Tinazungulira wailesi tonse, ine n'kumauza anthu kuti ameneyo ndi mwana wa mlongo wanga."

"Ndinalakwitsa, malume. Sindinadziwe kuti mumagonamo."

A Sakiusa adaponya maso kumene kunali Litiana, amene mwadzidzidzi adatanganidwa kwambiri ndi kukutumula mikeka.

"Nkhuku ina yalira masana," adatero. Adaika mpini pansi. "Tamvera, mphwanga. Mayi ako anakwatiwa kutali, ndipo mpaka tsiku limene tinakamuika sanandipemphe ngakhale mkeka umodzi. Ndinkadzifunsa kuti kodi mlongo wangayu amandiona ngati mmphawi wopanda chopereka? Iwe wabwera, wapempha, ndapereka. Tsopano ukufuna kundibwezera masana dzuwa likuswa mtengo, akazi atatulutsa kale katundu? Mawa azidzati Sakiusa anapereka ndi pakamwa, n'kutuma mwana wake kukalanda mwamseri."

"Palibe anganene zimenezo."

"Wakhalitsa ku Suva. Anganene asanatsuke n'komwe mbale ya kava. Madzi akatayika saoleka. Nyumba ndi udzu ndi mitengo. Nkhope ya munthu simera kumapiri."

"Nanga mukagona kuti?"

"M'ng'anjo ya Peniasi. Anawononga ndalama zambiri, mwina nayonso ione munthu."

Mkuluyo adatolanso mpeni wake, kusonyeza kuti nkhani yatha.

Pamenepa panali patatsala njira imodzi, ndipo Ilaitia adaiona bwino lomwe. Nyumbayo tsopano inali yake, ndipo palibe mwambo umene ukadamukakamiza kukhwatcha machesi. Akadatha kunamizira kamera kuti yawonongeka, n'kupirira kudandaula kwa ochita sewero amene anayenera kubwerera ku Suva m'mawa mwake. Adayenda pang'onopang'ono kubwerera kubwalo akulingalira zimenezi. Koma atakweza maso adapeza kuti mitambo yakuda yaunjikana kuseri kwa mapiri, dzuwa lopendeka likuwomba denga lija kuchokera m'mbali, ndipo udzu wakalewo unali kunyezimira ngati mkuwa. Kuwala koteroko adakhala akukudikira kuyambira tsiku limene adafika. Wogwira kamera adamuyang'ana modikira. Ilaitia adadziuza mumtima kuti akulemekeza mawu a malume ake, ndipo adagwedeza mutu.

Anthu a m'mudzi adakhala pansi kuseri kwa chingwe chimene chidamangidwa. Wochita sewero la munthu wotentha nyumba uja ataimirira ndi muuni wake pakhomo, mawu adamveka kumbuyo.

"Osati kumeneko." Anali a Sakiusa, atafika ndi ndodo yawo. "Kutsogoloko udzu ndi wonyowa, ungokuchititsa manyazi. Ayambire kumbuyo, kumene mayi a Litiana ankasonkha moto. Kumeneko n'kouma."

Adachita monga adanenera. Moto udayamba mwaulesi, ngati ukufunsa chilolezo, kenaka udakwera denga ndi mkokomo wonga wa mtsinje wodzala. Utsi udatuluka wakuda, wonunkhira zakudya zonse zimene zidaphikidwa m'nyumbamo. Zingwe za makoko a kokonati zomanga mitanda zidaduka chimodzichimodzi ndi kulira kwake. Ana amene adayamba ndi kukuwa adakhala chete poona kuti akuluakulu sakuyankhula. Litiana adalowa m'nyumba ya mnansi natseka chitseko. Koma a Sakiusa adakhala pa udzu, msana uli chilili, ndipo sadachotse maso pamotopo kufikira denga lidagwera m'kati, n'kusiya mizati yokha itaima, ikufuka.

Ilaitia adaiwala kulamula kuti kamera iime. Wogwira kamera adaizimitsa yekha, nanong'ona kuti, "Bwana, chiyambire ntchito sitinajambulepo chotere." Ndipo adanena zoona.

"Zatheka?" adafunsa a Sakiusa.

"Zatheka, malume."

"Chabwino." Adadzuka movutikira, nalunjika ku nyumba yanjerwa. Pakhomo adaima kanthawi ngati mlendo wodikira kuti amulandire, kenaka adalowa.

Nyengo ya mvula itatha, Litiana adapita ku Suva kukagulitsa koko ndi chinangwa kumsika waukulu, ndipo atamaliza adakwera masitepe a kachipinda kamene Ilaitia ankalumikiziramo zithunzi zake. Adamupeza atawonda, ndevu zili nyankhalala.

"Ndimayesa anthu otchuka amanenepa," adatero, akumuikira phukusi la chinangwa patebulo. "Bambo akuti ndidzaone nyumba yawo."

"Ali bwanji?"

"Ali moyo. Masana malata amawaotcha, mvula ikagwa akuti zili ngati agona m'kati mwa ng'oma. Amakhalira kukhosomola. Tinati tiwamangire ina yaudzu, koma odziwa kumanga mitanda atsala iwo okha, ndipo zala zawo sizigwiranso chingwe. Akuti zisiyeni. Tandionetsa."

Ilaitia adakanda ndevu zake. "Ndachichotsamo chigawo chimenecho."

"Wati bwanji?"

"Sindingathe kuchiyang'ana. Filimu ithera pamene munthu uja waima pakhomo ndi muuni. Oonera adzadzimalizira okha. Anzanga akuti ndapenga, koma sindifuna kuti anthu azindiombera m'manja chifukwa cha nyumba ya malume."

Litiana adakhala pampando mosaitanidwa, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti waitentha kawiri," adatero. "Koyamba unaitentha chifukwa cha filimu. Tsopano ukuitentha kuti iwe ugone tulo. Ukudziwa chimene bambo amauza aliyense wodutsa pakhomo? Akuti, 'Nyumba yanga ikupita ku Sydney. Ine sindinakwerepo ndege, koma nyumba yanga ikwera.' Ndikawauze kuti chiyani? Kuti mphatso yawo vasu waitaya kudzala?"

"Ndikaisiyamo, ndidzaiona ikupsa m'holo iliyonse imene ndidzalowe."

"Uzidzaiona, inde. Iwo amaona mizati ija m'mawa uliwonse akatuluka kukasamba m'maso. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Panja mabasi anali kulira, ndipo wina pansi pa zenera anali kuitanira malonda a chinanazi. Potsiriza Ilaitia adatembenukira ku makina ake, nafufuza chigawo chija, nachibwezera pamalo pake. Adaonera limodzi kuyambira pamene muuni udakhudza udzu wa kumbuyo. Litiana, amene tsiku lija adadzitsekera m'nyumba, adaona tsopano zonse, dzanja lili pakamwa. Chitatha adapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yake.

"Chakoma," adatero. "Ndicho chikundipweteka."

Adaimirira natola dengu lake. Ali pakhomo adatembenuka.

"Anandituma funso lina. Akuti filimu yotsatira ija muyamba liti kwathu? Akuti hatchi yawo ilipo, ndi munda wa kumtsinje, ngati ungazifune."

"Sindidzajambulanso ku Naroko."

"Adzafunsa chifukwa. Adzayesa kuti anakulakwira."

"Ukawauze kuti ndidzabwera pa Khirisimasi, wopanda kamera, kudzangokhala nawo."

"Nanga filimuyo?"

"Ndikaijambulira kwina," adatero Ilaitia. "Kumene anthu angathe kundikaniza."

Litiana adatsegula pakamwa ngati akufuna kumuseka monga mwa masiku onse, koma nthabwala sidabwere. Adangogwedeza mutu, natsika masitepe kuti akapeze basi ya ku Naroko isananyamuke.