Botolo Losalowa M'sokosi

Titus ankasema mvuu ndi njovu zamitengo kumsika wa Mukuni Park, ndipo ankadwala mphumu. Chipego, mtsikana amene anamufunsira mbeta, sankadziwa. Mayi ake a Chipego anali atanena poyera kuti mwana wawo sadzakwatiwa kubanja la anthu obanika, poti matendawo amatsata ana. Choncho chifuwa chikayamba kulira, Titus ankazembera kuseri kwa mashopu, n'kutulutsa kampope ka mankhwala m'sokosi, kupopera m'kamwa kawiri mothamanga, n'kubwerera akumwetulira.

Koma mankhwalawo sankagwira. Ankangomusiyira kuwawa palilime.

Kuchipatala, namwino wachikulire, a Mwiya, anamuuza kuti apope iwo akuona. Atapopa, a Mwiya anapukusa mutu. Anajambula papepala khosi ndi mapapo ngati mtengo wozondoka, n'kumufotokozera kuti timadontho ta mankhwala tikalowa ndi liwiro timalephera kukhota pakhosi, timamatirira pomwepo. Tofika pansi penipeni ndi tating'ono kwambiri, ndipo timafuna mpweya wokoka pang'onopang'ono, munthu n'kuugwira kaye kuti tikhazikike.

"Mupopa monga kawalala wakuba, ba Titus," anatero. "Muthawa ndani?"

 A Mwiya anamupatsa botolo la pulasitiki loboola kumunsi, polowetsa kampopeko, kuti mankhwala azidikira m'katimo iye akukoka mosafulumira. Linali la theka la lita. Silikanalowa m'sokosi, ngakhale m'thumba.

Masabata awiri analibisa kunsi kwa bedi, m'chipinda chimene ankakhala yekha ku Dambwa. Ali kunyumba ankapuma bwino. Kuntchito fumbi la mitengo likamulowa, ankatsamira khoma, milomo itauma, anzake akuitana azungu ogula.

Loweruka lina masana Chipego anabwera kudzamuona. Titus anatulutsa botololo, naliika patebulo pakati pawo, n'kumuuza zonse, kuyambira ali mwana.

Chipego analinyamula, nalitembenuza, nasuzumira pabowo lija. Sanakwiye. Anangofunsa ngati ana awo nawonso adzalifuna. Titus anati sakudziwa.

"Lekani nikaganize," anatero Chipego motsitsa mawu. "Osaniperekeza."

Titus anaima pakhomo mpaka minibasi yopita kutauni imene Chipego anakwera inakhota. Chifuwa chinali chitayamba kale kulira. Anakhala pansi pakhonde, azimayi oyandikana naye akuchapa n'kumamuyang'ana, naika botolo pamilomo. Anakoka pang'onopang'ono, naugwira mpweyawo. Lolemba anapita nalo kuntchito m'manja.