Kope Lakale la Telala

Ofesi ya loya inali pamwamba pa sitolo yogulitsa utoto, ndipo fungo la utotowo linkaperekeza munthu masitepe onse. Telala ankakwera pang'onopang'ono atakumbatira chikwama pachifuwa. Kumbuyo kwake kunali mchimwene wake, dalaivala wa takisi, amene anayamba kudandaula asanafike n'komwe pakhomo.

"Achemwali, loya weniweni sakhala pamwamba pa utoto. Ndinakuuzani za uja wa chikwangwani chachikulu pamsewu, wa tayi yofiira uja."

"Chikwangwani sichilankhula m'khoti, achimwene."

Nkhani imene inawabweretsa inali ya mwana. Mng'ono wake wa telalayo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, n'kusiya mwana wamkazi wa zaka zitatu wodwala mphumu. Bambo a mwanayo anapita kukagwira ntchito kutali, n'kungoti zii. Telala anamutenga mwanayo n'kumulera pambali pa makina osokera, ndipo pakhomo ankamutcha Tsabola chifukwa pakamwa pake pankawawa. Tsopano bambowo anali atabwera, atakwatiranso, ndipo anapita kukhoti kuti awapatse mwana wawo. Mlandu unali woti umvedwe pakatha milungu itatu.

Loyayo anali mayi wachikulire wa imvi zosabisa, magalasi ali lende pachingwe. Asananene chilichonse anakoka mpando kuuchotsa padzuwa la pazenera, n'kuthira madzi m'matambula awiri. Telala anaona zimenezo, ndipo phuma linayamba kutsika.

Dalaivala sanadikire. "Pepani a loya, ine ndimafunsa ndisanakwere. Galimoto imeneyi yayenda mtunda wautali bwanji?"

"Achimwene!"

"Asiyeni, afunsa bwino," anatero loya akuseka. "Injini ndi yakale, bambo, koma imakwerabe zitunda. Ndinayamba ngati kalaliki wa m'khoti. Zaka khumi ndi zinayi ndinkakhala pakatebulo kunsi kwa oweruza, kutaipa mawu a anthu. Pamenepo ndi pamene ndinaphunzira zimene woweruza amakhulupirira ndi zimene amangomvera mwaulemu. Sukulu ya zamalamulo ndinapita ndili kale ndi ana atatu. Pa uloya ndatha zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo milandu yanga yambiri ndi ya ana."

"Munaluzapo?"

"Kangapo. Loya akakuuzani kuti sanaluzepo, gwirani chikwama chanu mutsike masitepe."

Dalaivala anangomwa madzi ake.

Telala anafotokoza zonse mwachidule, monga ankachitira ndi nkhani iliyonse yomupweteka. Kenako anatulutsa kope latsopano lachikuto cholimba n'kuliika patebulo ndi manja awiri. Munali masiku onse amene Tsabola anabanika, masiku a kuchipatala, mayina a mankhwala, misonkhano ya kusukulu, zonse m'mizere yowongoka ngati msoko wa kolala.

Loya anavala magalasi n'kutsegula poyamba, pakati, ndi pomaliza.

"Dzanja lanu ndi lokongola, mayi. Mwalemba liti?"

"Sabata yathayi. Ndakopera bwinobwino kuti musavutike powerenga."

"Mwakopera kuchokera kuti?"

Telala anayang'ana pansi. "Ku lakale. Koma lakalelo si loti n'kuonetsa anthu. Lili ndi mafuta a makina, miyeso ya makasitomala, zina zonyowa."

Loya anatseka kopelo mofatsa. "Mwagwira ntchito yaikulu, ndipo ndikuona kuti mwatero pondilemekeza. Koma taganizani mmene woweruza adzalionere. Zaka zisanu ndi chimodzi, cholembera chimodzi, dzanja limodzi losatopa. Loya wa mbali inayo adzaimirira n'kunena kuti munalemba zonsezi sabata imodzi, ndipo pamenepo adzakhala akunena zoona. Zikatero palibenso tsiku limodzi m'kati umu limene adzalikhulupirire. Ine ndikufuna la mafutalo."

"Ndinanena ine kuti ukhondo wanuwu udzakupwetekani," anatero dalaivala.

Telala sanaseke. Dzanja lake linali pa zipi ya chikwama koma silinkatsegula. Loya anayang'ana dzanjalo, kenako anatembenukira kwa dalaivala.

"Bambo, tatipatsani mphindi khumi. Pakhondepo pali benchi, ndipo mphepo yake ndi yabwino kuposa ya muno."

Chitseko chitatsekedwa, telala anatulutsa kope lakale, lokulungidwa m'kansalu kotsala posoka. Linali lofufuma, ngodya zake zopindika. Mkati munali inki yabuluu, yakuda, pensulo, ngakhale choko chosokera. Pakati pa chiuno cha mayi wina ndi utali wa thalauza la bambo wina panali tsiku limene Tsabola anagonekedwa m'chipatala. M'mphepete mwa masamba munali mapemphero afupiafupi. Telala anatsegula tsamba lina cha pakati, n'kutembenuza kopelo kuti loya awerenge yekha.

Panalembedwa kuti: Ambuye, ndatopa naye mwana uyu. Sindinamubereke ine. Bwanji bambo ake osabwera kudzamutenga?

"Anali ndi zaka zinayi," anatero telala chapansipansi. "Sabata imeneyo anabanika katatu, ndipo diresi la mwini wake ndinaliwononga podula. Sindinauzepo munthu. Ndinauza Mulungu yekha." Anagwira ngodya ya tsambalo. "Ndi tsamba limodzi lokha, a loya. Nditaling'amba?"

"Inu ndinu telala. Mukaphwasula msoko, mabowo a singano amatsala kapena satsala?"

"Amatsala."

"Kopenso ndi chimodzimodzi. Ndipo ndikuuzeni poyera, mukang'amba tsamba limeneli, mlandu wanu sinditenga. Mukalisiya, ndiutenga lero lomwe. Sindingalonjeze chigamulo, chifukwa bambowo ali ndi ufulu wawo ndipo khoti lidzawamvera. Koma mlandu uwu ndi wolimba, ndipo ndikudziwa poyambira."

"Akadzaliwerenga pamaso pa anthu?"

"Sadzayamba ndi iwo. Mudzaliwerenga ndinu, ine nditakufunsani. Ndinaona anthu ambiri akugwa pa tsamba limene anabisa. Wogwa pa tsamba limene anatsegula yekha sindikumukumbukira."

Telala anatseka maso kwa kanthawi, akupemphera chamumtima. Loya sanamufulumizitse. Anangotenga chikalata cha mgwirizano n'kudikira. Telala atatsegula maso, anawerengera limodzi ndime iliyonse, ya ntchito ndi ya malipiro, loya akufotokoza m'mawu a tsiku ndi tsiku. Telala anasaina, n'kukankhira kope lakale kutsidya la tebulo.

Tsiku la mlandu, chipinda cha khoti chinali chaching'ono kuposa mmene ankaganizira. Munali tebulo lalitali, fani yolira, ndi woweruza amene ankalemba kwambiri kuposa kuyang'ana anthu. Tsabola anali atalankhula kale ndi woweruzayo payekha, ndipo tsopano anali panja ndi amalume ake. Bambo ake anakhala mbali inayo atavala jekete lowathina m'mapewa.

Loya anaimirira osathamanga. Anapereka makalata a kuchipatala ndi a kusukulu, n'kusonyeza kuti masiku ake akugwirizana ndi a m'kope. Kenako anati, "Mayi, tsegulani pamene ndaika kapepala. Tiwerengereni."

Telala anawerenga mizere itatu ija. Loya wa mbali inayo, amene anali atapinda kale tsamba lomwelo pa mapepala a kopelo amene anamujambulira, anaika cholembera pansi.

"Munkanena zoona tsiku limenelo?" anafunsa loya wa telala.

"Eya. Ndinatopa."

"Werengani zimene munalemba tsiku lotsatira."

"Ndamubereka kumsana mpaka kuchipatala, basi inachedwa. Adokotala asintha mankhwala. Pobwera wadya nthochi ziwiri ndipo wanditcha amayi."

Woweruza anasiya kulemba. Anapempha kopelo, n'kulitsegula yekha tsamba ndi tsamba kwa nthawi yaitali, mpaka chala chake chinada ndi pensulo.

Chigamulo chinali chakuti mwana apitirize kukhala kwa telala. Bambo ake azimutenga Loweruka lililonse, ndipo akazolowerana, azikagonako masiku ena a tchuthi.

Pakhonde, dalaivala anagwira dzanja la loya ndi manja awiri. "A loya, tsiku lililonse mukafuna takisi, mpando wakutsogolo ndi wanu. Wa tayi yofiira uja aziyenda wapansi."

"Mundiyendetse pang'onopang'ono, bambo, ndamva mbiri yanu," anatero loya.

Bambo a Tsabola anaima patali, chipewa chili m'manja. Kenako anayandikira telala.

"Alamu," anatero, "Loweruka likubwerali, akabanika ali kwathu, ndidzatani? Ine sindinaonepo."

Telala anawayang'ana. Anali ndi mawu ambiri amene anawasungira zaka zonsezi, koma anawasiya pomwe anali. Anaitana mwanayo.

"Tsabola, bwera ndi kapampu kako ka mphumu. Uwaonetse bambo ako mmene umapopera."

"Iwowa? Agwira mozondotsa, muona," anatero Tsabola.

Anagwiradi mozondotsa. Mwanayo anawalanda, n'kuwakonzera zala chimodzichimodzi, ndipo telala anawauza kuti awerenge mpaka khumi asanamulole kutulutsa mpweya.