Pampu ya Ndege Nambala 38

Meja Stoimen Karadzhov anadziwa kuti wina wagwira ndege nambala 38 asanatsegule n'komwe kachitseko ka kunsi kwa phiko. Masikuluwu onse asanu ndi atatu anali m'malo mwake, koma mizere ya pamitu pake inaloza kumodzi, ngati asilikali pa perete. Wakuba zitsulo samanga choncho. Amamanga choncho ndi makaniko wa ndege za nkhondo, wophunzitsidwa kale, nthawi imene anthu ankaphunzitsidwadi.

Anatsegula. Pampu ya mafuta panalibe.

Karadzhov anavala yunifolomu zaka makumi atatu. Atapuma anamupatsa makiyi a nyumba yosungiramo ndege zakale kunja kwa tauni, kuti azipukuta fumbi pa zomwe kale ankaziulutsa. Ndege za mtundu umodzi ndi nambala 38 zinatsala zinayi zouluka, ku bwalo la asilikali kuseri kwa phiri. Fakitale yomwe inkapanga zipangizo zake tsopano amagulitsiramo matailosi a m'bafa. Kumene amakaniko ankapeza zipangizo aliyense ankakudziwa, ndipo palibe ankakutchula.

Chikanakhala china chilichonse akanatseka kachitsekoko n'kukamwa khofi. Koma pampuyo inali ndi mng'alu wochepa ngati tsitsi. Inabwera ili ndi penti yofiira, chizindikiro choti isakwerenso m'mwamba. Pentiyo anaipala yekha chaka chatha, ndi mpeni wake wa m'thumba, chifukwa kunkabwera alendo aulemu ndipo inkanyansitsa chionetsero.

Ndipo lero linali tsiku la asilikali. Masana ndege zonse zinayi zinayenera kudutsa pamwamba pa tauni, pamitu pa anthu.

"Nedyalka, wafika pafupi ndi 38 ndani sabata ino?"

Mayi wogulitsa matikitiyo sanasiye kudya banitsa yake, buledi wa tchizi. "Ana a sukulu. Nkhunda. Inuyo."

"Ndani winanso?"

"Mwayamba kufunsa ngati apolisi, a Meja. Mnzanu Tsvyatko anabwera Lachitatu kudzathira mafuta m'mahinji, monga amachitira. Anabwera ndi chikwama, anapita ndi chikwama. Ine sindiyeza zikwama za anthu."

Pageti la bwalo la asilikali sanamulole kulowa. Dzina lake silinali pamndandanda uliwonse. Pamalo pomwe ankapatsidwa sawasha zaka zonse zija tsopano panali kamera ndi batani. Anadikira theka la ola asanatuluke Sajeni Tsvyatko Gyurov, wadazi, manja akuda ndi girisi.

"Ee, abusa a ndege zakufa! Mwabwera kudzaona zamoyo?"

"Tsvyatko, pampu ija ndi yong'aluka."

"Pampu iti?"

"Usandichedwetse. Ya 38."

"Yasowa? Pepani. Masiku ano anthu akuba ndi mitanda ya kumanda yomwe."

"Inali ndi penti yofiira. Ndinaipala ine."

Gyurov anapukuta manja pang'onopang'ono, maso ali pathumba la jekete la Meja. "Foni yanu ikujambula mawu?"

Karadzhov anaitulutsa n'kuiika pachipupa cha geti.

"Nanga inayo?"

"Ndilibe ina, galu iwe!"

"Chabwino, chabwino. Kungoti ndakumbukira Doncho. Mukumukumbukira Doncho, a Meja? Matayala awiri atasowa munamuitana, nkhope ili ngati ya wansembe. 'Doncho, matayala aja ndi owola, munthu afa nawo.' Doncho anathamanga kukawachotsa, inu muli pambuyo ndi mboni ziwiri. Matayalawo anali abwinobwino. Doncho anamuchotsa ntchito, anafa akulondera malo oimika magalimoto."

"Zimenezo n'zakale."

"Ine zanditsalira miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume. Ndipo akuti kulikulu akufuna munthu woti aonetsere chitsanzo. Lero ndi lero mwatulukira inu ndi nyimbo yomweija, mawu ake osasintha."

Karadzhov anamuyang'ana. Anayamba kudzikayikira: mwina sanali Gyurov. Panali amakaniko ena atatu a m'badwo wawo omwe ankamanga masikuluwu motero. Mwina pampuyo ili m'kabati, ikudikira chaka chamawa. Mwinanso ili kale m'mimba mwa ndege imene ankaimva ikuyesedwa injini kuseri kwa mpandawo. Nkhope ya Gyurov sinanene kanthu. Onse awiri anaphunzira kusanena kanthu m'sukulu imodzi.

Nthawi inali itadutsa kale teni koloko.

Anang'amba tsamba m'kabuku kake, naliika pabondo n'kulemba: kuti iye, Stoimen Karadzhov, anachotsa ndi dzanja lake chizindikiro chofiira pa pampu yoletsedwa, osalemba paliponse, osauza munthu. Anaika nambala ya pampuyo, tsiku, ndi siginecha.

"Tenga. Dzina lako mulibemo. Angandichotse ntchito ndi limeneli, mwina n'kunditengera kukhoti komwe. Ukandiona ndi mboni pambuyo pako, ukalipereke."

Gyurov anawerenga kawiri, milomo ikugwedera. Analiyang'anitsa padzuwa ngati ndalama yokayikitsa.

"Mumalembabe moipa," anatero. Analipinda, nalilowetsa m'thumba la ovololo. "Ine za pampu sindikuzidziwa, a Meja."

"Ndamva."

"Moni kwa Nedyalka."

Geti linatsekeka.

Masana Karadzhov anaima pakapinga pakati pa ndege zake zopanda injini, dzanja pamphumi. Phokoso linayamba kuseri kwa phiri, magalasi a nyumba n'kunjenjemera. Zinatulukira zitatu, mpata wa yachinayi uli pululu kumanzere.

"Imodzi yadwala," anatero Nedyalka ali pakhomo.

Ndege zakale zimatsala pansi pa zifukwa zambirimbiri, ndipo Karadzhov sankadziwa ngati yatsalayo ndi imene anaiikamo pampu ija. Anaziperekeza ndi maso zitatuzo zikudutsa pamwamba pa msika, pamwamba pa chipatala, akumvetsera injini iliyonse payokha, mpaka zinakhota n'kubwerera kuseri kwa phiri. Anaimabe pomwepo kufikira phokoso lomaliza litazima bwinobwino, monga limazimira ndege ikatera.