Mpingo Unatsatira Mabenchi

A Kalipentala anali atatha zaka ziwiri osalankhula ndi Mulungu. Kutchalitchi ankapitabe Lamulungu lililonse, jekete lakuda lili pathupi, n'kukhala pa benchi yachitatu atapinda manja. Ankachitira dala. Munthu sumunyanyalira uli kwanu. Umakhala pamaso pake penipeni kuti aone bwino kuti sukumulankhula. Anzawo akamaimba, iwo ankawerenga malata a kudenga. Anzawo akati "Ameni," iwo ankangokhosomola pang'ono.

Mlandu wake unali wa akazi awo. Zaka makumi atatu ndi zisanu za banja lawo, wopemphera pakhomopo anali mayiwo, ndipo a Kalipentala ankaona kuti pakamwa pamodzi pakukwanira anthu awiri. Mayiwo atadwala, bamboyu anagwada koyamba pakhonde la chipatala n'kupempha chinthu chimodzi chokha. Patatha masiku anayi anali akupala matabwa a bokosi. Kuchokera tsiku limenelo, ziii.

Kenako kunabwera nkhani ya msewu watsopano. Anthu a zipewa zachikasu anayenda m'dera lonse ndi chitini cha penti yofiira, kuchonga khoma lililonse loti ligwe. Tchalitchi chinali m'gulu loyamba. Nyumba ya a Kalipentala anaipatsa miyezi iwiri. Abusa anasamukira kutsidya kwa tauni, ndipo akhristu anayamba kumwazikana ngati nyerere zothiridwa phulusa.

Tsiku logwetsa tchalitchi, a Kalipentala anapeza mabenchi ataunjikidwa panja, miyendo m'mwamba, kumwamba kutada bii. Mabenchi khumi ndi anayi, opala iwo eni ali mnyamata, opanda msomali ndi umodzi womwe. Anabwereka ngolo yokankha n'kuwatuta awiriawiri mpaka m'shedi mwawo. Sanachitire Mulungu ayi, izi zimveke bwino. Anachitira matabwa.

Lamulungu m'mawa, akumeta ndevu, anamva phokoso pabwalo. Atasuzumira pawindo anaona anthu pafupifupi makumi awiri. Patsogolo panali alamu awo, mng'ono wa malemu, mayi wogulitsa nsalu pamsika amene mawu ake ankadzutsa ndi ogontha omwe.

"Alamu! Tsegulani shedi, tafika."

A Kalipentala anatuluka thovu lili tsaya limodzi. "Kudzatani?"

"Kudzagula mbuzi. Mukuona ngati anthu onyamula Mabaibulo abwera kudzatani?"

"Pano si patchalitchi."

"Nanga mabenchi athu akutani pano? Kumene kwagona mabenchi, mpingo uli komweko. Mukanafuna mtendere mukanawasiya avumbwe."

Anafunafuna yankho, koma mayankho awo nthawi zonse ankafika mawa lake. Anapereka kiyi.

Mabenchi anayalidwa pabwalo, pakati pa chingwe choyanikapo zovala ndi mulu wa utuchi. Popeza abusa panalibe, mwambo anautenga a Telala, mkulu wa mpingo wa dazi lonyezimira, amene anabwera atanyamula mutu wa makina awo osokera chifukwa shopu yawo inali itagwa Lachisanu. Anawaika makinawo pamiyendo ngati mwana.

"Abale," anatero a Telala, "tili pakhomo pa munthu. Mwini khomo atitsegulire ndi pemphero."

"Ndili ndi chifuwa," anatero a Kalipentala.

"Chifuwa chija cha zaka ziwiri?" anafunsa alamu. "Tikuchidziwa. Chimagwira pa Ameni pokha. Dokotala wake kulibe."

Anthu anaseka chamumtima, ena n'kubisa nkhope m'mabuku a nyimbo. A Kalipentala anamva makutu kutentha. Zaka zonsezi ankaganiza kuti nkhondoyo ndi yachinsinsi, ya anthu awiri. Kani mpingo wonse unkaonerera ngati mpira.

Anaimirira. Nzeru inali itabwera kale: aime chete mpaka anthuwo atope, wina atenge pempherolo. Pa mpikisano wokhala chete panalibe anawaposapo. Akhristu anatsinzina, iwo anasiya maso ali tong'o.

Mphindi imodzi inatha. Kuseri kwa mpanda chimakina chogwetsa nyumba chinkagwira ntchito, chifukwa icho Lamulungu sichilidziwa. Khoma la wina linagwa, fumbi n'kuwolokera pabwalopo. Pa benchi yakutsogolo panali mayi wina wamasiye, wochapa zovala za anthu, amene nyumba yake inagwa dzulo lake. Sutikesi yomanga ndi chingwe anali ataibisa kunsi kwa benchi, ndowa ili pambali. Khomalo litagwa mapewa ake ananjenjemera, koma maso sanatsegule. Ankadikira.

Mphindi yachiwiri inatha. A Kalipentala anayang'ana nkhope imodziimodzi, zonse zotsinzina, zonse zodikira. Chete uja anamusungira Mulungu, koma amene ankamva kuwawa anali awa. Mwala anaponyera njovu, wagwera nkhuku.

"Inu," anatero.

Mawuwo anatuluka ngati chitseko cha dzimbiri.

"Ndi ine. Mukundidziwa. Musaganize kuti ndabwera kudzagwirizana nanu. Mlandu uja ulipobe. Ndinakupemphani chinthu chimodzi pa moyo wanga wonse, chimodzi, inu n'kukhala ngati simunamve." Anapuma. Anapisa manja m'matumba. "Koma zimenezo ndi za ine ndi inu. Awa akulakwirani chiyani? Mayi awa agona kuti lero? A Telala makina awo awaika pati? Ngati mukutiona, chitanipo kanthu. Ine ndatha."

Anakhala pansi msangamsanga. Ankayembekeza kuti mwina mphezi igwa, kapena a Telala awadzudzula chifukwa chokalipira Mwini zonse pagulu. Sipanachitike chilichonse. Alamu okha ndi amene anati "Ameni," ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni mawu awo anali aang'ono. Chodabwitsa chinali m'chifuwa mwa a Kalipentala. Munali mutapepuka, ngati munthu amene watula thabwa lomwe analisenza mtunda wautali mpaka kuiwala kuti lili paphewa. Zimenezi zinawakwiyitsa pang'ono.

Anthu anaimba nyimbo ziwiri, a Telala anawerenga mawu, chimakina chikuyankhira kuseri. Potseka, a Telala anapukuta dazi lawo ndi mpango.

"Abale, pemphero la lero linali ndi mafunso awiri. Ine ndakhala ndikuyang'ana nyumba iyi. Zipinda ndi zingati, akulu?"

"Zitatu."

"Mumagona zingati?"

"Chimodzi," anayankha alamu. "M'zinazo mumagona akangaude. Mayi awa ndi ine titenga chakumapeto, popeza yanganso igwa Lachiwiri. Makina a a Telala alowa chapakati. Miyezi iwiri si yochepa, kutsogoloko tikaona."

"Ine sindinanene kuti..."

"Munapempha nokha, alamu, tonse tinamva. Ena timapemphera zaka osayankhidwa. Inu kamodzi kokha, yankho pompo. Musatichititse nsanje."

Mayi wochapa uja anali atatulutsa kale sutikesi yake kunsi kwa benchi. Anaima nayo osayenda, akuyang'ana mwini nyumba, kudikira kuti amve kuchokera pakamwa pawo.

A Kalipentala anapita, anamulanda sutikesiyo n'kutsogola. Chitseko cha chipinda chakumapeto chinali chitatupa, moti anachita kuchikankha ndi phewa. Anatsegula windo, mphepo inalowa. Anaima pakati pa chipindacho okhaokha n'kuyang'ana kudenga.

"Mwandichenjerera," anatero.

Atatero anazindikira kuti alankhulanso ndi Mulungu, kachiwiri tsiku limodzi, popanda wowakakamiza. Anapukusa mutu n'kupita kukafuna tsache.