Mipando ya kwa Achemwali

"Ingoyesani, kuyesa n'kwaulere," anatero mayi wogulitsa nsapato, atagwada kale n'kundivula patapata.

Ndinayesa. Zinali nsapato zofiira, za zidendene zazitali, ndipo zinandikwana ngati anachita kundiyeza. Malipiro a mwezi wonse anali m'chikwama. Ndinkadziwa kuti pansi pa bedi pali nsapato zina zomwe sizinapondepo fumbi, ndinkadziwanso kuti eni nyumba akundidikira. Koma mtima unkagunda ngati ndaona chibwenzi. Ndinatuluka m'sitolomo nditanyamula kajumbo, ndipo ndisanafike n'komwe pokwerera basi, chisangalalo chonse chinali chitatha.

Ndi mmene ndinalili. Ndinkaluka tsitsi mu saluni ya mayi wina amene tinkangomutchula kuti Abwana. Tsiku lonse chiimire, zala zikuwawa, fungo la mankhwala a tsitsi lili m'mphuno, koma ndalama ikangofika m'manja inkandiyabwa. Anzanga ankandiseka kuti manja anga ndi obowoka.

Madzulo amenewo ndinapita kwa achemwali anga kukabwereka ya lendi. Iwo ndi amene anandilera mayi atamwalira. Anali munthu wosamala zinthu, woti sopo akatsala kachidutswa ankakamata pa watsopano. Anayang'ana kajumbo kaja, kenako ine.

"Kodi mwezi uno udya nsapato?"

"Zinali zotchipa, achemwali."

"Zotchipa! Chaka chatha unkati utsegula saluni yako. Ili kuti? Ili pansi pa bedi." Anapumira m'mwamba. "Tamvera, mng'ono wanga. Iwe ndalama sungathe kusunga, usadzinamize. Loweruka lililonse ndizidutsa kuntchito kwako musanaweruke, uzindipatsa kangachepe, ndizikusungira. Ngakhale ulire bwanji, sindidzakupatsa mpaka zitakwana."

Ndinawathokoza misozi ili m'maso.

Sizinali zophweka. Ndinasintha njira yopitira kuntchito kuti ndisamadutse kutsogolo kwa masitolo. Azimayi oyenda ndi zikwama za mafuta onunkhira akalowa mu saluni, ndinkathawira kuseri kukachapa mataulo oyera kale. Kangapo ndinaterereka. Mwezi wina ndinagula wotchi yomwe inafa isanathe sabata, ndipo Loweruka lakelo achemwali anabwerera chimanjamanja, ine maso ali pansi. Tsiku lina ndinawagwadira kuti andigawireko pang'ono chabe chifukwa ndinali nditaona diresi. Anakana kwamtuwagalu. Ndinagona ndikuwatukwana chamumtima, koma kutacha diresi lija ndinali nditaliiwala, ndipo ndinawadalitsa.

Pang'ono ndi pang'ono kuyabwa kuja kunazilala. Ndalama ndinayamba kuiona mwa mtundu wina. Kasitomala akandipatsa ya m'manja, ndinkati iyi ndi galasi lalikulu lapakhoma, iyi ndi makina oumitsira tsitsi, iyi ndi beseni lotsukira mutu. Nsapato zanga zakale zinatha zidendene, ine osadandaula. Loweruka likafika ndinkachita kuwadikira pakhomo achemwali, ngati mwana wakhoza mayeso.

Chaka chachiwiri chikupita kumapeto, telala wina wapafupi ndi kwathu anasamuka n'kusiya kachipinda kabwino, ka zenera loyang'ana kumsewu. Mwini wake anati andisungira mpaka Lolemba. Ndinathamangira kwa achemwali. Panali patapita miyezi ndisanafikeko, poti tinkaonerana kuntchito.

Nditatsegula chitseko ndinayesa ndasokonekera nyumba. Pabalaza panali mipando yasofa yatsopano, ikuluikulu, idakali m'mapulasitiki ake. Makatani ofika pansi. Kabati yamagalasi yodzaza mbale zamaluwa, ndipo achemwali anali akuipukuta.

"Achemwali, ndapeza malo!"

"Malo a chiyani?"

"A saluni. Ndabwera kudzatenga zija. Zakwana, si choncho?"

Sanatembenuke. Kansalu kanali kuzungulira pamalo amodzimodzi.

"Ukanandiuza kaye kuti ukubwera."

"Achemwali, ndalama zanga zili kuti?"

"Usakweze mawu, alamu ako akupuma." Anatembenuka tsopano, nkhope ili gwa. "Ndinangobwerekako. Ndinkadutsa m'tauni, ndinaona zinthuzi pawindo la sitolo, anati mtengo atsitsa kwa tsiku lomwelo lokha. Ukudziwa kuti chikwatiwire sindinakhalepo ndi mpando wooneka? Alendo akabwera ndinkasowa poyang'ana."

"Mwabwerekako zingati?"

Anayamba kupinda kansalu kaja.

"Zonse?"

"Ndibweza."

"Liti? Malowo ndi a Lolemba."

"Ndati ndibweza! Kodi ndi mlandu? Ndinakulera ine, iwe, kuyambira usanadziwe kudzisambitsa. Ndinakulipiritsapo? Komanso pakanapanda ine, ndalamazo zikanakhalapo? Bwenzi utagulira zachabechabe zako zija. Bola pano zikuoneka."

Ndinayang'ana mipando ija. Ndinaona mitu yonse imene ndinaluka mpaka zala kuchita dzanzi, masana onse amene ndinadya buledi wouma anzanga akugula zonona. Zonsezo zinali pamenepo, zitakhala phee, zikununkha usitolo.

M'kachipinda kaja lero muli wokonza mafoni. Ine ndidakali kwa Abwana, ndipo ndalama zija sizinabwere. Kusunga sindinaleke, kunandilowa m'magazi, kungoti pano ndimasunga ndekha ndipo sindiuza munthu. Achemwali timapatsana moni tikakumana pa zochitika za pabanja. Amauza anthu kuti anandiphunzitsa kusamala ndalama, ndipo sanama.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi chimene chinachitika atamaliza kulankhula. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndikufuna poti ndikhale, ndipo dzanja langa linagwira mpando umodzi, pulasitiki n'kulira. Ndisanafike pansi, achemwali anandigwira pamkono.

"Ayi, osati pamenepo," anatero motsitsa mawu. "Imeneyo ndi ya alendo."

Anakoka kampando kathabwa kuseri kwa chitseko, n'kukapukuta ndi kansalu kaja, n'kundiikira.